PHIRI LA MULANJE NDI COSUNGITSA CA MULUNGU

Werengani: Genesis 2:8-17, Levitiko 25:23, Luka 16:1-12.



Tiwerenga m'buku la Genesis kuti pamene Mulungu anaumba munthu woyamba, anamkhazika m'munda, nampatsa nchito ziwiri: ina ndiyo yakulima, inzace ndiyo yakusunga. Nchito yakulima palibe amene aiiwala, pakuti njala imkumbutsa munthu khasu lace caka ndi caka. Koma nchito yakusunga iiwalika msanga, cifukwa wakuileka samva kuwawa tsiku lomwelo. Kuwawa kwace kudza m'mbuyo, ndipo kawiri kawiri kugwera ana amene sanalakwa kanthu. Akuru anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru. Koma pa mlandu uno zinthu zatembenuka, pakuti nkhuyu alikudya akuru, ndipo akupotedwa adzakhala adzukulu.

Tsono mwezi uno tikambirane za phiri la Mulanje, ndi za iwo akuyesa kulisunga. Inu akukhala kutari ndi Mulanje musati nkhaniyi si yanu; pakuti palibe mudzi wopanda kaphiri kace, kapena dambo lace, kapena msitu wace, ndipo Mwini wa izi zonse ndiye mmodzi.

1. Mwini phiri ndani?

Nsonga ya Mulanje, imene aicha Sapitwa, ikwera mamita 3,002, ndipo m'Malawi monse mulibe malo ena atari koposa pamenepo. Pamwamba pa phirilo pali zidikha zaudzu, monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila, ndipo m'zigwa zace muli nkhalango zowirira. Mphepo yocokera ku nyanja yaikuru ya kum'mawa idza nayo mitambo, mitamboyo nigunda phiri, nitula madzi ace pamenepo. Potero m'menemo mucokera mitsinje yambiri: Ruo wakutsira m'Shire ku Chiromo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Muloza, ndi Phalombe wakunka ku nyanja ya Chilwa.

M'caka ca 1927 Boma linalemba malire, nilamula kuti phirilo likhale nkhalango yosungidwa. M'caka ca 2000 bungwe la maiko lochedwa UNESCO linaliwerengera pakati pa malo oyenera kusamalidwa cifukwa ca zamoyo zace, ndipo mu July 2025 bungwe lomwelo linalilemba m'kaundula wa cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Makalata awa ngabwino, ndipo tiwalemekeza. Koma kuli kalata wina wakale koposa onsewa. M'buku la Levitiko Mulungu auza ana a Israyeli kuti nthaka asaiyese yao ya muyaya, popeza mwini wace ndiye, ndipo iwo akhalapo ngati alendo ace.

Inu mudziwa mwambo wa kusungitsa mbuzi. Munthu pakunka ulendo wautari asiya mbuzi yace kwa mnansi. Mnansiyo aiweta, aimangira khola, atenga manyowa ace, ndipo ikaswana mwini ampatsako kamwana. Koma akabwera mwini, napeza cikopa ndi nyanga zokha, kodi wosungayo adzanena ciani pabwalo? Momwemo phiri. Liri mbuzi yosungitsa. Tiloledwa kumwa madzi ace, kutola nkhuni zouma, kucheramo bowa ndi masuku, kufuna mankhwala m'menemo. Koma kulipha sitiloledwa ai. Pamveka mau ena m'midzi akuti za m'phiri ziribe mwini, kapena akuti nza Boma, wakutenga sabera munthu. Mau awa asamveke pakamwa pa Mkristu.

2. Za mkungudza.

Pa phiri la Mulanje Mulungu anaikapo mtengo umene sumera wokha pena pali ponse pa dziko lapansi, ndiwo mkungudza wa Mulanje. Mzungu wina dzina lace Alexander Whyte anatengako nthambi zace m'caka ca 1891, ndipo cifukwa cace anzeru za mitengo aucha Widdringtonia whytei. M'caka ca 1984 unachedwa mtengo wa pfuko la Malawi. Ukula pang'ono pang'ono, nutalika kufikira mamita 40. Thabwa lace linunkhira, ciswe sicilidya, ndipo silibvunda msanga m'madzi. Ukoma umenewu ndiwo unauitanira nkhwangwa. Anthu anaufuna pa madenga, pa zitseko, pa mabwato a ku nyanja, ndi pa timabokosi togulitsa kwa alendo.

Panali lamulo lakuti oceka matabwa adule mitengo yakufa yokha. Koma umbombo uli ndi nzeru zace: ena anayamba kusenda makungwa a mitengo yamoyo, kapena kuiocha patsinde, kuti caka camawa akaipeze yakufa. Pa izi panaonjezeka lupsa la caka ndi caka. Panadzanso tizirombo tonga nsabwe, toyamwa nthambi, timene tinafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980. Ndiponso mitengo ya paini yocokera ku Mexico, imene inabzalidwa ku Chambe, inafesa mbeu zace ponse ponse nilanda malo. Ndipo taonani kutha kwace: m'caka ca 2017 anthu akuwerenga mitengo anayenda m'phiri, napeza mikungudza yokhwima 7 yokha, pofika 2018 ngakhale imeneyo sinaimenso. Mtengo umene unaima pamenepo asanabadwe makolo a makolo athu wagwa m'masiku a ife amene tiri ndi Buku Lopatulika m'nyumba.

Akumasulira Buku Lopatulika m'cinenero cathu, pofika pa mitengo yomveka ya ku Lebano, anabwereka dzina la mtengo wathu, naicha mikungudza, ngakhale mitundu yace njosiyana. Pa 1 Mafumu 5 timva kuti Solomo anapangana ndi Hiramu mfumu ya ku Turo, natumiza anthu 30,000 kukatema, 10,000 mwezi uli wonse. Mafumu ena ambiri, asanadze Solomo ndi atapita iye, anatemanso m'mapiri omwewo, koma wakubzala anasowa. Lero m'dziko la Lebanon mwatsala timisitu tobalalika, ndipo kamsitu ka ku Bsharri anacita kukamangira linga la miyala m'caka ca 1876 kuti mbuzi zisadye mitengo yaing'ono. Nkhani ya Lebano tinaiwerenga m'sukulu ndi m'nyumba ya mapemphero, mwenzi itaticenjeza.

3. Mpanda wa mantha ndi mpanda wa cikondi.

Pano pali mau olimba, ndipo tiwamve ndi mtima wofatsa. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akukhala mozinga phirilo analiyesa malo a mizimu kuyambira kale. Dzina lakuti Sapitwa linena lokha. Makolo anakamba za Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, anathira nsembe popempha mvula, ndipo munthu polowa m'nkhalango anayenda modzicepetsa, wosapfuula, wosatukwana, wosatenga cosayenera. Ife a Kristu sitibwerera ku mantha amenewo, pakuti Mpulumutsi anatimasula, ndipo tidziwa kuti phiri ndi colengedwa, si mulungu ai. Koma tibvomere coona ici: mantha aja anali ngati mpanda, ndipo m'kati mwa mpandawo mitengo inakula, nyama zinaswana.

Nanga Uthenga Wabwino ukagwetsa mpanda wa mantha, pamalo pace paime ciani? Ambuye Yesu, pa Luka 11, aphunzitsa za nyumba imene mzimu woipa unaturukamo, nisesedwa, koma nikhala yopanda wokhalamo. Ndipo matsiriziro ace anaipa koposa ciyambi. Mtima umene waleka kuopa mizimu, koma sunaphunzira kukonda Mlengi ndi zolengedwa zace, ndiwo nyumba yotere; umbombo ulowamo nukhala. Ndipo Paulo, polembera Akolose, awerengera umbombo pamodzi ndi kupembedza mafano. Munthu wakuseka agogo ace cifukwa anagwadira pansi pa mtengo, iye mwini nagwadira ndalama za thabwa la mtengo womwewo, kodi wapambana nciani? Agogowo anasiya mtengo uli ciimire.

Iwo akusunga miyambo ya makolo alikutipenya. Akaona kuti munthu wobatizidwa ndiye woyamba kukwera ndi maceka usiku, adzati cikhulupiriro cathu cingocotsa manyazi. Potero dzina la Ambuye licitidwa mwano cifukwa ca ife. Mwana wa m'nyumba ayenera kusamala za atate wace koposa kapolo wakuopa cikoti. Ngati mantha anasunga phiri, cikondi ciyenera kulisunga koposa.

4. Za nyama ndi moto.

Wolemba Salmo 104 akondwera poona kuti Mulungu anakonzera colengedwa ciri conse pokhala pace, ngakhale zinkhoma za pamwamba ndi mbira za m'miyala. Nyama zomwezo ziri pa Mulanje, pamodzi ndi mbawala, anyani, apusi ndi nchima za m'nkhalango. Kulinso tamoyo tating'ono tosapezeka kwina: mtundu wina wa nadzikambe ukhala m'nkhalango ya ku Ruo, ndipo anzeru poupatsa dzina anatenga liu lathu lomweli, naucha Nadzikambia. Kapena wina adzaseka, nati, Kodi nadzikambe apindulitsa yani? Koma Nowa sanauzidwa kusankha nyama zokoma ndiwo zokha. Zokwawa zomwe zinalowa m'cingalawa. Mlengi sanatifunsa ife pakuzilenga, ndipo sitiri ndi ulamuliro wakufafaniza cimene Iye anaciyesa cabwino.

Mulungu saletsa munthu kudya nyama. Koma pa Deuteronomo 22 alamulira kuti wakupeza cisa asatenge mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ace. Tanthauzo lace nlakuti, idya, koma usathe mbeu. Tsono lingalirani khwekhwe la waya lochedwa pa njira ya nyama. Silisankha yaimuna kapena ya bere, yaikuru kapena yoyamwa. Ligwira usiku, ndipo nthawi zina mwini waliiwala, nyama nibvundira pomwepo. Lingaliraninso mlenje wakukwera ndi agaru m'malimwe, nayatsa udzu kuti nyama zituruke. Iye atsika ndi mbira ziwiri; koma moto wace utsala m'mbuyo, nuyenda masiku, nulowa m'mphepete mwa nkhalango, momwe mkungudza umera. Pakuti mbeu ya mkungudza simera mu mthunzi wa bii. Ifuna poyera, m'mbali mwa msitu, ndipo pomwepo ndipo lupsa lifika poyamba. Kamtengo ka zaka zisanu sikapirira moto wa ola limodzi. Pa Eksodo 22 cilamulo cinena kuti wakuyatsa moto umene waononga za mnzace alipe. Nanga wakuocha za Mulungu adzalipa ciani?

5. Za madzi ndi za Napolo.

Nkhalango ya m'phiri iri ngati nkhokwe ya madzi. Mvula ikagwa pa masamba itsika pang'ono pang'ono, nilowa m'zinyalala zofunda nthaka, nitsata mizu kunka pansi. Ndipo m'mwezi wa October, dzuwa liri phwee, madzi omwewo aturuka pa akasupe. Ndiwo madzi a m'mipope ya m'midzi ya Mulanje ndi Phalombe. Ndiwo akuthirira tiyi ndi madimba. Ndiwo akupukusa makina a magetsi ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya. Ndipo kuyambira caka ca 2019 madzi a Likhubula afika ndi mipope kwa anthu a ku Blantyre. Koma pamene mitengo yatha, nthaka nipsa, mvula imenya pouma, nithamanga tsiku limodzi, nikokolola dothi. M'dzinja cigumula, m'malimwe mcenga wokha wokha.

Anthu a kuno adziwa Napolo. Anatsika ku Zomba mu December 1946. Anatsika ku phiri la Michesi mu March 1991, naphimba anthu mazana ku Phalombe. Ndipo mu March 2023 namondwe wochedwa Freddy anagumula mapiri ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, natenga miyoyo yoposa 1,000 m'dziko muno. Asanene munthu kuti akufawo anacimwa koposa anzao. Ambuye anakana mau otere ponena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Ndiponso mvula ikacuruka kopambana, ngakhale phiri la mitengo likhoza kugumuka. Koma ici ncodziwika: mizu imanga nthaka monga luzi limanga phaso, ndipo mtunda wometedwa ugonja msanga koposa wobvala. Wakutema kumtunda aika dzanja lace pa moyo wa mnansi wace wa kumunsi, angakhale sadziwana maina.

6. Za iwo akumanga zogumuka.

Tiyamika Mulungu kuti alipo anthu amene sanataya mtima. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ligwira nchito pamodzi ndi a Boma oyang'anira nkhalango ndi mafumu a m'midzi. Caka ndi caka mvula ikatha anthu akwera ndi makasu ndi zikwanje kukalambula miseu yochinga moto; ena anazula paini wolowerera; ena ayendera nkhalango nacotsa makhwekhwe. Kuyambira caka ca 2016, mothandizana ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International, anakhazika nazale 10 m'midzi ya patsinde pa phiri, m'mene amai ndi abambo afesa mbeu za mkungudza, nalandirapo ndalama. Ndipo mbande zoposa 500,000 zinasenzedwa pamutu kukabzalidwa pamwamba. Zambiri zinafa ndi moto, koma zina zagwira, ndipo zirikukula.

Kumbukiraninso ici: m'masiku a boma la Angerezi anthu ena anatenga mkungudza nakaubzala pa phiri la Zomba. Iwo anafa osadziwa kuti idzafika nthawi imene mitengo yobala idzatha kwao kwa mkungudza, ndi kuti mitengo yobzalidwa ndi manja ndiyo idzasunga mbeu. Momwemo wakubzala lero sadzapuma mu mthunzi wa mtengo wace. Nchito yotere ifanana ndi cikhulupiriro, pakuti igwirira cinthu cosaoneka. Ngati alipo anthu oyenera kuidziwa bwino, ndife amene tiyembekeza Ufumu umene maso athu sanauona.

7. Ticite ciani tsono?

Wina adzati, Mwanena bwino, koma ine ndiribe munda wokwanira. Minda yaikuru nja tiyi, anthu tacuruka, ana afuna cakudya ndi ndalama za sukulu. Ndikaleka makala ndi matabwa ndidye ciani? Funso ili nloona, ndipo mpingo usaliyankhe ndi cipongwe. Mnyamata wakutsika ndi thabwa pamutu m'njira zoterera alandira zocepa. Wakulemera nalo akhala kutari, m'nyumba ya malata, manja ace ali oyera. Cifukwa cace mau athu ayambe kwa ogula. Iwe wakufuna citseko ca mkungudza, iwe wakutuma galimoto usiku, nkhwangwa iri m'dzanja lako ngakhale sunakwera phiri. Popanda wogula palibe wotema. Ndipo iwe amene unaikidwa kulonda, kapena kuweruza, ukalandira ciphuphu nutseka maso, dziwa kuti wagulitsa cosungitsa kawiri.

Kwa akuru a mpingo titi: yang'anani matabwa akumangira nyumba ya Mulungu, mufunse kumene acokera, musalandire copereka ca mtengo wakuba. Pa malo a mpingo ndi a sukulu bzalani msitu wa nkhuni ndi nsungwi, kuti akazi amasiye asakwere phiri. Thandizani anyamata kupeza njira zina: kuweta njuci, pakuti mwini ming'oma adana ndi lupsa koposa mlonda, kufesa mbande, kuperekeza alendo akudza kudzaona phiri, amene sadzabweranso likasanduka dazi. Mutu umodzi susenza denga. Cimene mbale mmodzi sangathe, mpingo ukhoza.

Kwa amai titi: mbaula zadothi zosatha nkhuni zirikupezeka, ndipo mtolo umodzi ukhalitsa pa izo koposa pa mafuwa. Inu ndinu oyamba kudziwa kuti kasupe waphwa, pakuti mtsuko uli pamutu panu. Musakhale cete pa msonkhano wa mudzi. Kwa aphunzitsi titi: m'mera mpoyamba, mwana ali yense abzale mtengo wace, nausamale kufikira atsiriza sukulu. Kwa alenje titi: kacotseni mawaya anu sabata lino, ndipo macesi atsale kunyumba. Ndipo kwa ife tonse: utsi ukaoneka m'phiri, tisaime ndi kupenya ngati za eni, ng'oma ilire monga ilira nyumba ikapsa m'mudzi.

Mbale amene wakhala m'nchito yoononga asayese kuti khomo latsekedwa. Zakeyu anabweza zimene analanda, ndipo cipulumutso cinalowa m'nyumba yace tsiku lomwelo. Mkungudza wa zaka mazana sungathe kuubweza; koma manja amene anadziwa njira zonse za m'phiri pakutema adziwanso pamene mbande ingamere bwino. Kulapa kwako kuoneke ndi khasu.

Pa Luka 16 timva za kapitao amene mbuye wace anamuitana kuti afotokoze za ukapitao wace. Tsiku lotere lirikudza kwa ife tonse. Tidzafunsidwa za mau athu, za ana athu, za osauka a pakhomo pathu. Ndipo tidzafunsidwanso za munda umene tinaikidwamo. Wokhulupirika pa zinthu zooneka ndi maso ndiye adzapatsidwa zosaoneka. Madzi akatayika saoleka. Koma m'mtsuko mwatsala madzi, ndipo nthawi yakuugwira ndi manja awiri ndi ino.

Tipemphere. Atate wathu, Mwini mapiri ndi zigwa, Inu amene mumwetsa nyama za m'thengo ndi ana a anthu pa kasupe mmodzi, tikuyamikani cifukwa ca Mulanje ndi zonse ziri m'menemo. Cotsani umbombo m'mitima yathu, muikemo cikondi ca ana. Limbitsani iwo akulambula miseu ya moto, akufesa mbeu, ndi akulonda usiku. Patsani osauka njira yakudyera yopanda kuononga. Tonthozani amene anataya abale ao m'zigumula. Ndipo pakudza Mwana wanu, atipeze tiri adindo okhulupirika. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.